Munsi wa Salima ndi Mazira a Nthambi

Che Swaibu anali makaniko wa pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde ukangotuluka m'Balaka. Injini ankaidziwa monga aidziwira makaniko wina aliyense, kuiyang'ana nthawi yaitali n'kupukusa mutu. Koma pa matayala a kutsogolo dzina lawo linkamveka mpaka ku Ntaja.

M'kati mwa tayala la kutsogolo muli beringi, tizitsulo tobulungira tomwe tayalalo limazungulirapo, ndipo zonsezo zimagwidwa ndi nati imodzi yokha. Ukaimanga kwambiri natiyo, beringi imatentha n'kupsa. Ukaisiya yokhwefuka, tayala limayamba kuvina, ndipo tsiku lina limachoka lokha kukakudikira kutsogolo. Pakati pa ziwirizi pali kamalo kopyapyala ngati chikhadabo, ndipo Che Swaibu ankakapeza nthawi zonse. Ankazunguza tayala ndi dzanja n'kutsinzina, milomo ikugwedera. Likaima ankakhudza nati pang'ono ndi sipanala, n'kulizunguzanso. Kenaka ankatsegula maso n'kunena kuti, "Pini," kutanthauza kawaya komwe amatsekera nati kuti isasunthenso. Madalaivala ankati makutu amenewo anabwera nawo kuchokera ku Joni. Che Swaibu sankatsutsa, ngakhale ku Joniko ntchito yawo inali yotsuka miphika kukhitchini ya pamgodi.

Zoona zake zinali kuseri kwa mpanda wa udzu, komwe akazi awo a Salima ankasinja chimanga m'mawa uliwonse. Chaka choyamba cha banja lawo, atapatsidwa tayala loyamba, Che Swaibu sankadziwa poyambira. Analizunguza, ndipo chifukwa cha mantha anayamba kuwerenga kugunda kwa munsi kuseriko. Tayala linaima munsi utagunda kakhumi ndi kawiri. Anabaya pini n'kupempha Mulungu. Galimotoyo inapita ku Zomba n'kubwerako bwinobwino.

Kuyambira pamenepo muyeso wawo unali umenewo. Tayala likaima munsi usanakwane kakhumi ndi kawiri, ankamasula nati. Likapitirira, ankamanga. Ndi chifukwa chake matayala a kutsogolo ankakonza m'mawa mokha, ndipo anthu ankayesa kuti ndi za chipembedzo. Kwa zaka makumi awiri sanauze munthu, ngakhale eni munsiwo. Unena bwanji kwa mkazi wako kuti dzina lonse lomwe wadyera lili mumtondo mwake?

M'chaka cha 1975 pamsika panabwera chigayo chokonola n'kugaya komwe. A Salima anapita tsiku loyamba, khadi la chipani m'manja kuti awalole kulowa, n'kubwerako ndi ufa pamutu dzuwa lisanatenthe. Atafika anavundikira mtondo pakhonde. Pofika madzulo nkhuku inali itaupanga mpando.

Masabata atatu Che Swaibu anakhala akubweza aliyense wobwera ndi tayala la kutsogolo. Wina anamubweza pomuuza kuti sipanala yawo anabwereka achimwene. Wina anamuuza kuti girisi wa mwezi uno sali bwino. Ankakonza mahutala, magetsi ndi zitseko, mtima uli m'mwamba.

Lachinayi lina pansi pa mango panaima Zefa yakuda, yakalekale, ya a Blasius Kachingwe, mphunzitsi wopuma ntchito yemwe anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'deralo. Galimotoyo anaigula kwa mzungu wa fodya yemwe ankabwerera kwawo, ndipo ankaipukuta ndi mpango womwewo womwe ankapukutira magalasi a m'maso.

"Che Swaibu, mabuleki akulira ngati nkhumba," anatero a Kachingwe. Atakumbukira kuti akulankhula ndi Msilamu anakonza. "Pepani, ngati mbuzi."

"Ndi a kumbuyo amenewo, a Tcheya," anatero Che Swaibu asanayang'ane n'komwe.

"Iyayi, ndi a kutsogolo. Onse awiri."

A Kachingwe anatsitsa mawu. Loweruka ku Liwonde kunkabwera mlendo wamkulu. Dzina sanatchule, poti masiku amenewo dzinalo sankalitchulira pamsewu, ankangokweza maso pang'ono. Nthambi yawo inali itasonkha mphatso ya mazira, madengu asanu ndi limodzi, ndipo dzira lililonse akazi awo anali atalilemba dzina la mudzi ndi pensulo. Mazirawo ankayenera kupita pa Zefa.

"Ndikuuzeni monga mnzanga," anatero a Kachingwe. "Dzira la nthambi silisweka. Limaswedwa. Ndiye amafunsa kuti waliswa ndani. Ine ndidzati ndinangoyendetsa."

Che Swaibu anamva bwino lomwe. Anthu ena anapitapo kukayankha mafunso ang'onoang'ono kuposa amenewa, ndipo mabanja awo anali akudikirabe.

Vuto la Zefa n'lakuti sungafike pa mabuleki a kutsogolo osamasula nati ija. Che Swaibu anaikweza pa jeke, n'kuika miyala. Anazula mapini, n'kumasula manati onse awiri, mtima ukuwawa ngati akuzula mano awo. Anachotsa malayiningi akutha, aja amagwira tayala ukaponda buleki, n'kuika atsopano. Maberingi anawatsuka m'palafini, n'kuwapaka girisi ndi chala mpaka kutulukira mbali inayo. Zonsezi anazichita bwino. Chinatsala ndi kubwezera manati awiri pamalo pake penipeni.

Anapita pakhonde, pomwe a Salima ankasankha nandolo.

"Mayi a Rukia, ufa wa kuchigayowu ukumveka dizilo."

"Masana mwadya mitanda inayi."

"Ndimafuna nditsimikize."

"Mtondo ndi uwo, funsani nkhukuyo," anatero a Salima osadzutsa mutu. "Munsi uli kuseri kwa nkhokwe. Manja Mulungu anatipatsa tonse."

Mawu oona anafika mpaka pakhosi, n'kubwerera. Che Swaibu anayamikira nandolo kuti ndi wamkulu bwino chaka chino, n'kuchokapo.

Lachisanu m'mawa a Kachingwe anabwera wapansi ndi akazi awo, mayi Modester, omwe ankatsogolera amayi a nthambi pa magule. Anapeza galimoto ikadali pa miyala, ndipo pambali pake pali mtondo wopanda kanthu ndi munsi.

"Girisi watsopano amafuna nthaka igwedezeke kuti akhazikike," anatero Che Swaibu, maso ali pansi. "Ku Joni kuli makina ake. Kuno timagwiritsa mtondo."

Anadikira kuti asekedwe. Koma a Kachingwe, omwe anaphunzitsa ana zaka makumi atatu, anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Sayansi," anatero. "Ndinkaiphunzitsa imeneyi."

Poti nkhani inali ya nthambi, a Kachingwe anati asinja okha. Jekete sanavule, chifukwa inali ndi baji ya chipani ndipo baji siingapachikidwe pamtengo. Anakweza munsi, n'kuugwetsa, kenaka anaima kufotokozera akazi awo mmene kugwedezeka kumayendera m'nthaka. Anaukwezanso. Che Swaibu anazunguza tayala la kumanzere n'kutsinzina. Linaima munsi utagunda kanayi.

Kanayi ndiye kuti nati yamangika kwambiri. Anamasula. Kasanu. Anamasulanso. A Kachingwe anayamba kupuma mokoka, ndiye linaima pa katatu. Che Swaibu anamasula mpaka nati inatsala pang'ono kugwera m'manja mwawo, n'kuzunguza tayala ndi manja awiri. Mwamwayi njuchi inazungulira khutu la a Tcheya, munsi n'kuyamba kuthamanga, ndipo chiwerengero chinakwana.

"Pini," anatero Che Swaibu ndi mawu aang'ono.

"Tandipatsani munsiwo, bambo," anatero mayi Modester. "Mukuchititsa manyazi nthambi."

Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba. Mayiwa anali atakhala milungu iwiri akukonzekera gule wa Loweruka, ndipo munsi unalowa m'gulemo. Tayala la kumanja linali likuzungulirabe Che Swaibu atafika pa makumi atatu. Ndiye kuti nati ndi yokhwefuka. Anamanga. Makumi awiri ndi kasanu. Anamanganso. Mayi Modester anayamba kuimba chapansipansi, mapewa akugwedezeka. Pomaliza Che Swaibu anaponda sipanala ndi phazi, ndipo tayala linangoyenda kamodzi ndi theka n'kuima, munsi utagunda kakhumi ndi kawiri ndendende.

Anakhudza matayala onse awiri, kufunsa manja awo ngati zili bwino. Manjawo analibe maganizo alionse pa nkhaniyi. Pakhonde a Salima ankasankhabe nandolo, ndipo zinkaoneka ngati ndi nandolo yemwe uja wa dzulo.

A Kachingwe anati galimoto iyesedwe ndi dzira. Anatulutsa limodzi la kunyumba kwawo, losalembedwa, n'kuliika m'thumba la malaya pachifuwa. Analiza injini n'kuloza ku Liwonde.

Zefa inakana kupita ku Liwonde. Tayala la kumanja linkakoka ngati ng'ombe yoona msipu, la kumanzere likuvina gule wakewake. Galimoto inasiya msewu, n'kuzungulira chulu, n'kudutsa m'munda wa chinangwa, n'kutulukira kuseri kwa mango komwe inachokera. A Kachingwe ankaoneka pawindo akupotokola chiwongolero mwaulemu. Inazunguliranso kachiwiri njira yomweyo. Ulendo wachitatu tayala la kumanja linali likufuka utsi, ndipo a Tcheya anaponda buleki. Mabuleki, poti anali atsopano, anagwira nthawi yomweyo. Chifuwa chinakumana ndi chiwongolero.

Anatsika pang'onopang'ono. Pa thumba la malaya panali kufalikira chikasu. Analowetsa zala ziwiri n'kutulutsa chomwe aliyense anali ataiwala kuti chimakhala m'thumba limenelo, khadi lawo la chipani, dzira likuyenderera pankhope yosindikizidwa pamenepo.

Mayi Modester anayang'ana mitambo. Che Swaibu anayang'ana zala za kumapazi. Palibe anaona kanthu. A Kachingwe anapukuta khadilo ndi tayi, n'kuliyanika pa boneti, n'kuima chilili pambali pake manja ali m'mbali mpaka linauma.

"Tibweranso folo koloko," anatero osakweza mawu. "Mukadzalephera, mawa mazira ndidzawasiya pano, pansi pa mtengo wanu. Odzawafuna adzakupezani nawo."

Masana Che Swaibu anapita kumzikiti, poti linali Lachisanu. Anayesetsa kumvetsera, koma anadzipeza akuwerenga kutsokomola kwa shehe. Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, kuti mwina njira italike. Siinatalike.

Anakhala pansi pakhonde, osati pampando, chapatali pang'ono ndi akazi awo.

"Abiti Sabiti," anatero, kuwatchula dzina la kwa bambo awo monga ankachitira akadali pachibwenzi. "Ine makutu a ku Joni ndilibe."

"Alipo awiri. Ndikuwaona."

"Ndikunena za matayala. Sindidziwa kumanga nati. Sindinadziwepo chiyambire. Ndimawerenga munsi wanu. Ukagunda kakhumi ndi kawiri tayala n'kuima, ndimabaya pini. Basi. Zaka zonsezi."

Anadikira kuti mpanda ugwe, kapena nkhuku iseke. A Salima anachotsa kamwala mu nandolo n'kukaponya pabwalo.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa bwanji?"

"Mumawerenga mokweza. Kamo, kawili, katatu. Mumayesa kuti mukatsinzina anthu samva? Madalaivala amati ndi duwa, pemphero lachisilamu, poti ambiri Chiyao sachimva. Ine ndili kuseri kwa udzu, osati ku Zomba."

Che Swaibu anagwira pakamwa pawo, ngati angathe kubweza mawu a zaka makumi awiri.

"Ndiye mukudziwa kuti munsi wanu ndi wodalitsika," anatero. "Sulakwa."

Apa a Salima anaika lichero pansi.

"Bambo a Rukia, munsi ndi mtengo. Tsiku lina ndimadzuka ndi msana, lina ndimathamangira kumaliro. Mukuganiza kuti ndimasinja mofanana ngati wotchi? Chaka choyamba chija magalimoto atatu anabwerera, eni ake akutukwana. Mwaiwala?"

Anali ataiwaladi. Ankakumbukira ya ku Zomba yokha.

"Ine sindinaiwale, poti ndine ndinkawaphikira tiyi kuti aleke kutukwana. Ndiye ndinayamba kumvetsera. Tayala lomwe mwiniwake adzabwere ndi utsi limalira ngati mpunga ukupetedwa. Lomwe lidzavine limati kho, kho, ngati khasu lofuna kuguluka. Labwino silinena kanthu, limangopuma. Ndikamva la mpunga ndimasinja pang'onopang'ono kuti chiwerengero chanu chisakwane, mumasule. Ndikamva la khasu ndimathamanga kuti mumange. Likapuma ndimakupatsani khumi ndi kawiri wanuyo, mubaye pini, nane ndipume."



"Osandiuza bwanji?" anafunsa Che Swaibu.

"Munandifunsa? Komanso munkaoneka bwino mukatsinzina." Anatambasula manja awo, zikhatho zolimba ngati chikopa cha ng'oma. "Nyumba ya anthu anayi imadya chimanga chochuluka bwanji kuti ndizisinja tsiku ndi tsiku? Ndasinjira mudzi wonse uno. Ndinkapita kukapempha chimanga cha eni kuti inu mupeze chowerenga. Anthu amati ndine wamtima wabwino. Msana wanga ndiye ukudziwa."

"Mungondisinjira kamodzi kokha, lero lokha."

"Iyayi. Munsi sindigwiranso. Ngati mukufuna makutu anga, ndibwera nawo patayala pomwepo. Koma kuseri kwa mpanda sindibwererako."

"Pamaso pa a Tcheya?"

"Kaya. Mazira ndi anu."

Folo koloko itakwana a Kachingwe ndi mayi Modester anapeza Zefa ili pa miyala kachiwiri. Beringi ya kumanja, yomwe inapsa, Che Swaibu anali ataisintha ndi ina ya m'bokosi lawo. Pambali pa tayala panali kampando, ndipo pakampandopo panali a Salima, mpango atausunthira kuseri kwa khutu.

Che Swaibu anaimirira, sipanala ili m'manja.

"A Tcheya, ndinakunamizani. Za girisi ndi nthaka zija kulibe. Amene amadziwa matayala pano ndi mayiwa. Ine ndimangogwira sipanala."

Anamva ngati avula malaya pamsika. A Kachingwe anawayang'ana, n'kuyang'ana a Salima, n'kumwetulira mwachifundo.

"Kudzichepetsa ndi khalidwe labwino, Che Swaibu. Koma ine ndalingalira masana onse. Cholakwika chinali chakuti mtondo unali wopanda kanthu. Kugwedezeka kumafuna kulemera."

"A Tcheya, mtondo sukuchita chilichonse."

"Munthu wa ku Joni salankhula choncho. Mayi, muli ndi chimanga?"

 A Salima anadzuka, n'kukatenga dengu la chimanga chomwe ankati apite nacho kuchigayo mawa, n'kuthira mumtondo, n'kuwaza timadzi.

"Musinjire uko, patali," anatero. "Kugwedezeka kumafika bwino kukachokera kutali."

A Kachingwe ananyamula mtondo okha kupita nawo kuseri kwa mango. Che Swaibu anazunguza tayala la kumanzere. Maso anafuna kutsinzina, koma anawakaniza. A Salima anapendeketsa mutu.

"Khasu," anatero. "Mangani. Mangani ndithu. Zunguzani. Tsopano mpunga, mwapitirira. Bwezani pang'ono, ngati mukutsegula botolo la mankhwala. Zunguzaninso."

Tayala linazungulira. Che Swaibu anatchera khutu kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, ndipo sanamve kanthu. Anachita mantha, kenaka anakumbukira kuti n'zimene zimafunika.

"Pini," anatero a Salima.

La kumanja linatenga nthawi yochepa. Pomwe ankatsitsa jeke, a Kachingwe anali atakonola theka la dengu, jekete ili yoyera ndi gaga, mayi Modester akuwapetera n'kumawauza kuti akweze zigongono.

Loweruka Zefa inapita ku Liwonde molunjika ngati yowongoleredwa ndi chingwe, mayi Modester atakhala kumbuyo pakati pa madengu, manja atatambasula. Mazira onse anafika athunthu. Mlendo wamkulu anadutsa pamlatho osaima, dzanja lokha likuoneka pawindo, ndipo mazirawo anakwezedwa m'lole limodzi ndi mbuzi za nthambi ina. Zomwe zinachitika m'lolemo sizinalinso nkhani ya makaniko.

Che Swaibu ankayembekezera kuti dzina lawo latha. Koma a Kachingwe anafotokoza za sayansi ya mtondo pa msonkhano wa nthambi, ndi pamaliro awiri. Pasanathe mwezi madalaivala a malole ochokera ku Mangochi ankaima pansi pa mango n'kufunsa komwe kuli munsi. Aliyense ankafuna kusinjira yekha galimoto yake, poti za wina sungazikhulupirire.

Che Swaibu ankauza aliyense zoona, mmodzimmodzi.

"Si mtondo, achimwene. Ndi mayiwa."

"Inde, inde, bambo," ankatero dalaivala, akulavulira m'manja. "Ndiyambe?"

A Salima ankathira chimanga, n'kukakhala pakampando kawo pafupi ndi tayala. Kuchigayo ankangopita kukagayitsa mphale yokonola kale, ndipo amayi oyandikana nawo anayambanso kubweretsa madengu awo.

Tsiku lina, dalaivala wina wonenepa akulimbana ndi munsi kuseri kwa mango, Che Swaibu anaulula kanthu kena kamodzi.

"Abiti Sabiti, ndimawerengabe. Chamumtima."

"Mwapeza zingati?"

"Lero kasanu ndi kawiri. Dzulo kakhumi ndi kasanu ndi kanayi."

"Werengani, sizipweteka munthu," anatero a Salima, khutu lili kutayala. "Koma milomo ikugwederabe. Bwezani pang'ono natiyo."